Chingwe cha Pakati pa Bwalo

Lolemba, 3 Febuluwale

Akundilembera ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wotsiriza. Ine cholembera sindidziwa kogwira. Lembani mmene ndikuyankhuliramu, apongozi, osakometsera.

Anzanga a khomo loyang'anana nafe atuluka m'chipatala. Chifuwa chachikulu. Kuonda kwake, koma pakamwa pakadali pomwe paja. Amasiye tonse awiri, mawondo ovuta tonse awiri.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Pabwalo pathu chingwe choyanikira n'chimodzi, nyumba zonse. Lero amayi anzathu amanga china kuseri, kuthawa zovala za anzangawo. Woyambitsa sakudziwika. Aliyense akuti, "Ine ndangotsatira ena." Zanga nazo zasamutsidwa. Musazolike, apongozi, lembani. Ine sindinakane. Mantha, ndi adzukulu m'nyumbamu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Kunabwera namwino. Akuti matendawa sayenda pa nsalu, ndipo munthu akakhazikika pa mankhwala sapatsira. Tonse kugwedeza mitu. Namwino atangotembenuka, tonse kuseri ndi mabeseni athu. Ayambe ndani?

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mvula yadzidzidzi masana. Pano woyamba kuona mtambo amaanula za aliyense, ndi mmene takhalira. Lero aanula zonse, kusiya za anzanga. Iwo ali mtulo, mankhwala amawafoola. Diresi yawo yobiriwira yokhayokha pakati pa bwalo, ngati mbuzi yoiwalika pachingwe. Ndi yomwe anavala tsiku loika bambo a m'nyumba muno, atandigwira mkono njira yonse.

Ndatuluka ndi ndodo yanga. Ndaanula. Makatani a nyumba zonse kugwedezeka.

Atadzuka akuti, "Mwanyowera chisanza ichi? Mukadwala musanamizire ine."

Lachinayi, 13 Febuluwale

Nsalu yanga ndayanika pachingwe chapakati, kugundana ndi diresi ija. Mkazi wa kalipentala sanandiyankhe moni. Mwana woti ndinamulandira ine atangokwatiwa. Zandiwawa, sindinama. Apongozi nawo tsiku lonse masaya otupa, koma mawondo angawa andithowa ndithu.

Lolemba, 17 Febuluwale

M'mawa kusuzumira pazenera, pachingwe chapakati pali timalaya ta sukulu ta adzukulu anga, tikukupiza pambali pa diresi yobiriwira. Ndafunsa amene akulembawa. Akuti kuseri dzuwa silifika. Lembani momwemo, apongozi: dzuwa silifika. Nanga mukusekanji?

Basi, ndatopa, ndikapumule. Mtambo ukada muanule zonse.