Msomali pa lata la ndege ya a Keith

Lolemba, 3 Malichi 2025

Nditaweruka kunyumba ya okalamba ndinapita kugalaja ya a Keith ku Shawlands, kuno kwa azungu. Mkulu wa mpingo wathu ameneyu, mphunzitsi wopuma wa zaka 74, ati akupanga ndege. Ndege! Malata a aluminiyamu anabwera m'bokosi kuchokera ku Amereka, odulidwa kale, ndiye basi munthu wasanduka mmisiri. Anandipempha kutchalitchi atamva kuti ndinakhoma zidebe ndi mbaula ku Ndirande zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito yanga ndi kukwawira m'thunthu la ndegeyo n'kugwira chitsulo kuseri kwa liveti, kamsomali kolumikizira malata, iwo akukhoma kunja. Ine Goodwill, kugwirira chitsulo munthu amene sanapangepo ngakhale chivundikiro cha poto.

Lachiwiri, 4 Malichi

Maliveti khumi pa maola atatu. Iliyonse aiyeze, aisuzumire, atsegule buku, kenako tiyi. Manja awo kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Zimandinyansa.

Lachinayi, 6 Malichi

Akuti Loweruka kukubwera a Carol, insipekitala wa ndege zopangira pakhomo. Lata limene iwo alikana limatayidwa, ndipo lina kuti lifike ndi miyezi isanu. A Keith akuwaopa ngati apongozi.

Lero cholembera cha a Keith chinasowa, iwo n'kulowa m'nyumba kukasaka. Kudikira, kudikira. Ndinatopa. Ndinatola msomali ndi lula n'kukanda mzere wa maliveti pa lata lam'mbali, mmene timachitira kwathu. Wowongoka kuti nyoo. Atabwera anausisita ndi chala, kwa nthawi ndithu. "Tiweruke, Goodwill." Ngakhale zikomo, ayi. Nsanje basi.

Lachisanu, 7 Malichi

Mkazi wanga Ndapile: "Bambo a Misozi, mumapitiranji ngati mumangobwerako mutakwiya?" Ndamuuza kuti ndimakaonera sewero laulere.

Loweruka, 8 Malichi

A Carol anafika teni koloko. Kamayi kochepa thupi, katochi m'manja, mpeni wodulira malata sindikhulupirira kuti kanaugwirapo. Anazungulira thunthu lonse. Pa mzere wanga anaima. Ine mumtima ndati eya, onani ntchito ya anthu odziwa.

"Wakanda apa ndani?"

Anafotokoza kuti chidebe chimangokhala pansi, koma ndege imanjenjemera ulendo wonse. Pokandika m'pamene lata limayambira kung'ambika, ndipo limang'ambikira m'mwamba, munthu ali m'kati. Lata lonse lotaya. Ndiye kuti Lachinayi lija a Keith anadziwa.

"Ndine," anatero a Keith. "Ndinaiwala."

Ndinawasiya asenze mlandu wanga. Ndilembe zoona, mtima wanga unakhala pansi.

Koma a Carol sanayang'anenso lata. Anayang'ana manja a a Keith, mmene amanjenjemerera pa buku lija. Anatsitsa mawu. Anati munthu woiwala chinthu ngati chimenechi, mwina nthawi yakwana yoti ntchitoyi aisiyire ena, ndipo iwo sangapitirize kusaina mapepala ovomereza ndegeyo mtima uli m'malo. Zaka zinayi mkuluyu ali m'galaja yozizira ija. Sanadziteteze. Anangogwedeza mutu, makutu ali psuu, osandiyang'ana n'komwe. A Carol anatulutsa pepala kuti alembepo chigamulo chawo.

Ndinadzida. Msomali uja unali udakali m'thumba la ovolosi yanga. Ndinautulutsa n'kuuika pa pepala la a Carol.

"Pepani mayi, musalembe kaye."