Msewu wa Aroma ndi ana a Bambo Harold

Lachitatu, Romford, ku England. Kwazizira, koma ndaweruka mtima uli mbee.

Kuntchito, kunyumba ya okalamba, ndinakankha njinga ya olumala ya Bambo Harold, mzungu wamwano uja, mpaka pawindo. Analoza msewu wa mabasi, akuti anaulambula ndi asilikali a Aroma, kenako alendo anadzera momwemo n'kukhazikika.

"Amenewo anabweretsa msewu," anatero. "Inu Aafirika mwabweretsa chiyani?"

Ndinawafunditsa bulangete bwinobwino, n'kunena kuti, "Ndi wowongokadi, bambo. Nanga ana anu amasochera pati? Chiyambireni ntchito kuno sindinawaonepo."

Tiyi sanamwe. Masana onse anangoyang'ana otsika basi, mmodzimmodzi.

Mwina Lamulungu ndikalapa. Koma mawa ndiwakankhiranso pawindo lomwelo.