Kamtengo ka a Lini

Lolemba, 10 Julaye 1978
A Lini, mlangizi wathu wa mpunga wochokera ku Taiwan uja, andipatsa kamtengo m'mbale yadothi. Kakufanana ndi mkungudza, timasamba tobaya. Akuti mbewu yake anadula pamtengo wa malemu bambo awo. Anena kuti ndichepetseko tinthambi, ndikapinde ndi waya, kazioneka ngati nkhalamba yozunzika ndi mphepo. Ine "eya, eya", pomwe sindinamvetse n'komwe. Apita ku Lilongwe, abwera Loweruka.

Lachiwiri, 11
Mtengo wokhota chonchi, ndani angaufune? Ndasadza nthambi zonse zam'munsi monga timachitira bulugamu wa milimo, ndakamangirira kunsungwi kuti kawongoke. Mayi a kunyumba, a Mwanahalima, aseka mpaka kugwira nthiti. "Mwakameta mpala, bambo a Rashidi!" Ndawauza kuti asamale za thelere lawo.

Lachitatu, 12
Stefano, dalaivala wa pasikimu yathu ya mpunga, wakaona ndipo wagwira pakamwa. Akuti nthambi yopindika yam'munsi ija, imene ndinayamba kudula, a Lini akhala akuiweta chifikireni kuno ku Bua. Kupindikako n'kumene ankafuna.

Kalanga ine. 

Lachinayi, 13
Ndaitola kudzala nthambi ija, ndaimangirira pamalo pake ndi ulusi wa ukonde. Uchitsiru weniweni. Mwera waomba, yagwa.

Lachisanu, 14
Kumzikiti thupi lokha, mtima uli pambale ija. Pobwera ayufi andiimitsa kufunsa khadi la chipani, ndaonetsa, koma mantha anga ali kwina.

Ndati ndidzawauza a Lini kuti ndi mbuzi inadya nthambizo. A Mwanahalima: "Mbuzi yake iti yodziwa sizasi? Munthu wakupatsani cha bambo ake, inu mum'bwezere bodza?"  Manyazi andigwira mpaka chakudya chandikanika.

Loweruka, 15
A Lini abwera. Ndawayalira mkeka, ndaika mbale patsogolo pawo, nthambi youma pambali. Ndati wolakwa ndine, palibenso wina. Azunguza mbale pang'onopang'ono, chala chili pachilonda cha kamtengo. Bola akanandikalipira.

Kenaka andiuza: "Iyi sibwereranso, a Kalilu."

Nthambi youmayo aikulunga pampango, aika m'thumba la malaya. Amasula nsungwi, aiponya uko. Ndimati anyamula mbale azipita, koma atulutsa waya n'kundipatsa m'manja.

"Kwatsala nsonga. Pindani inuyo."

Ndapinda.