Mapointi Mazana Atatu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tikupuma, koma mzime wathu ali m'chipatala. Dzanja lake lamanja analidula Lachiwiri sabata yatha. Khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti kuwailesi ntchito yanga ndi yomasulira nkhani. Zimabwera m'Chingerezi, ine ndimazilemba m'chiyankhulo chathu, kenako mayi wowerenga nkhani amaziulutsa. Lolemba la sabata yathayo m'mawa kunabwera chikalata cha banki yaikulu, ija imabwereketsa ndalama kwa mabanki enawa. Inkalengeza kuti yakweza chiwongoladzanja pofuna kuti mitengo ya zinthu isiye kuthamanga. Ikakweza iyo, mabanki ndi timakampani tangongole nato timakweza.

Chikalatacho chinati akweza ndi mapointi mazana atatu. Achemwali, ine mapointi ndinkangowadziwira kumpira. Panatsala mphindi khumi kuti nkhani ziyambe, ndipo kufunsa ndinachita nako manyazi, poti pa ofesi ndine amene anzanga amandifunsa. Ndinalemba kuti chiwongoladzanja chakwera ndi maperesenti mazana atatu. Lero ndi pamene ndikudziwa kuti mapointi zana limodzi ndi peresenti imodzi yokha. Anakweza ndi maperesenti atatu basi. Atatu!

Mayi uja anawerenga momwe ndinalembera, ndipo anabwerezanso patapita maola awiri.

Mzime paja amagwira ntchito pawindo lolipirira la kampani yangongole ili pafupi ndi msika. Dzuwa lisanafike pamutu, ogulitsa nsapato, amakala ndi anyamata a njinga zamoto anali atadzaza pakhonde. Wina anawawerengera kuti amene ankalipira chiwongoladzanja cha zikwi khumi tsopano azilipira zikwi makumi anayi. Bwana wa kampaniyo anatulukira khomo lakumbuyo n'kuliyatsa liwiro.

Mzime anatsala. Mukumudziwa mwana ameneyu, amayesa kuti munthu aliyense ukamufotokozera bwinobwino amamva. Anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo za windo atagwira pepala losonyeza kuti ndi maperesenti atatu chabe. Palibe analiwerenga. Anamugwira mkono n'kukoka mpaka nkhope inagunda zitsulo, mphuno n'kuphwanyika. Wina anagwetsera chotsekera chachitsulo pamkonopo, wina n'kubwera ndi mwala wa sikelo n'kumaumenya nawo. Mlonda akuti anawerenga kasanu, ndipo ankamva mafupa akulira. Iyenso atayesa kuleretsa anamugulula mano anayi. Anathyola chitseko, kutentha mafayilo, mpaka apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi.

Ndinafika masana. Magazi anali atauma pakauntala, ntchentche zili ng'waa, wotchi ya mzime ili pansi yopanda galasi.

Madzulo wailesi inapepesa kuti panali kulakwitsa pang'ono. Pang'ono! Bwana wanga anang'amba pepala langa lija pamaso panga, nati nditseke pakamwa ngati ndikuifuna ntchito. Ndinatsekadi, Achemwali. Ndine wamantha, ndipo ndikudzinyansa.

Anthu sadziwa kuti kumbuyo kwa nkhani kumakhala wolemba. Amadziwa mawu amene amawamva. Lachitatu la sabata yomweyo alamu ake a mzime, alongo atatu a mkazi wake aja, anapita kunyumba kwa mayi wowerenga nkhani. Anaphwanya mawindo, kumukokera panja ndi tsitsi, n'kumutema ndi njerwa m'mutu mwana wake wamkazi akuona. Ali m'chipatala chomwecho, kuchipinda cha amayi, diso limodzi silikutseguka. Apolisi atamufunsa, sananditchule. Nditapita kukamuona ndi malalanje anangotembenukira kukhoma.

Tsiku lililonse ndimapita kukadyetsa mzime, poti supuni kumanzere ikumukanika. Amandithokoza. Amauza odwala anzake kuti akanakhala wopanda mkulu wake ngati ine bwenzi atafa. Ndimapukuta pakamwa pake mtima ukundiwawa.

Dzulo alamu ake anabwera. Mzime anandipempha pamaso pawo kuti, poti ndimagwira naye ntchito mayiyo, ndiwafufuzire tsiku limene atuluke m'chipatala ndi kumene akafikire. Wamkulu wawo anati sanamalize naye, akufuna dzanja lake lamanja. Anandionetsa chikwanje m'thumba la mpunga limene anabweretsera zovala. Mzime sanawaletse.

Mayiyo atuluka Loweruka. Ndiye mawa Lachisanu, nthawi yoona odwala onse ali pomwepo, ndikawauza kuti analemba mawuwo ndine. Apolisi ndinawaganizira, koma akagwira atatuwo kwawo kuli enanso, ndipo mayiyo sadzagona tulo mpaka anthuwa atadziwa zoona. Sindikudziwa kuti andichita chiyani. Chimene ndikuopa kwambiri si chikwanjecho ayi, koma nkhope ya mzime.

Pempho langa ndi ili. Mlamu wanu, mkazi wanga, amene wakupatsani kalatayi sakudziwa zimene zalembedwamo. Ndamuuza kuti vuto la mwendo wanu lakula ndipo mukufuna wokuthandizani. Musandiyalutse pa bodza limeneli mpaka nditakuimbirani. Ndikapanda kuimba pofika Lamulungu, mumuwerengere kalatayi nokha, ana ali panja, ndipo musamulole kukwera basi yobwerera kuno.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwana wanga wamng'ono amene wabwera ndi mayi akeyo muzimufunditsa, amatsokomola kukazizira.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa