Ndime Yosowa pa Fomu ya Odwala

Lolemba, 3 Malichi

Mafayilo asanu ndi awiri lero. Kuboola, kumanga, kudinda tsamba lililonse. Chala chada ndi inki. Msana kuwawa.

Komiti yovomereza kafukufuku ikumana Lachisanu. Kamodzi pamwezi basi. Fayilo ikabwezedwa, mpaka mwezi wamawa.

Adokotala a ku wodi ya amayi abweranso kudzafunsa za fayilo ya kafukufuku wawo, ya amayi otaya magazi pobereka. Inabwezedwa kale kawiri, koyamba siginecha, kachiwiri deti. Anati, "Asisi, ndidzapuma pantchito fayiloyi ikadali pashelefu."

Alamu anga akudikiranso yomweyo. Ikadutsa adzalembedwa ntchito yofunsa odwala mafunso. Bulauzi asita kale.

Lachiwiri, 4 Malichi

Fomu yopempha chilolezo kwa odwala imabwera pawiri, ya Chingerezi ndi ya m'chilankhulo chathu. Chingerezi sindimva kwenikweni, sukulu ndinalekera ku pulayimale. Koma ndisanadinde ndimawerenga kuchuluka kwa ndime ndi pensulo. Palibe anandituma. Ndimangoopa kulakwitsa.

Ya adokotala aja: ya Chingerezi ndime 14, yathu 13. Ndabwereza kanayi. Yosowayo ndi yaifupi, ili pamwamba pa malo odinda chala.

Sindinadinde. Ndayiika pansi pa enawo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinakopera ndimeyo pakapepala, chilembo ndi chilembo, n'kukafunsa mayi a ku famase. Ati ikunena kuti munthu angathe kukana, ndipo akakana adzathandizidwabe ngati wina aliyense.

Ndakumbukira amayi anga, chaka chija anagonekedwa m'chipatala. Anabwera anthu ndi mapepala, iwo n'kudinda chala. Atachoka anandinong'oneza, "Ukakana amakuchotsa pabedi."



Lachinayi, 6 Malichi

Kawiri konse ndinafika pakhomo pa alembi a komiti, n'kubwerera. Kachitatu anandiona. "Iwe, wasanduka mlonda wa chitseko?"

Ndinangoyala mapepala awiriwo padesiki n'kuloza ndi pensulo. Anawerenga, anavula magalasi, anapukuta kumaso. Ati akuluakulu asanu anaiona fayiloyi, onse anawerenga ya Chingerezi yokha.

Ndinatuluka n'kubwerera patebulo panga.

Lachisanu, 7 Malichi

Yabwezedwa. Ndinamva ndekha polowetsa tiyi m'chipinda cha komiti.

Adokotala anandidutsa pakhonde opanda moni.

Kunyumba nkhani inafika ine ndisanafike. Alamu: "Tilandireni apulofesa a chidindo." Achimwene akungopukuta nsapato. Bulauzi ija yabwerera m'sutikesi.

Za alamu ndipirira. Koma amayi aja otaya magazi, mwezi winanso wathunthu chifukwa cha pensulo yanga. Mwina ndikanangodinda. Sindikudziwa. Ndatopa.

Lachinayi, 20 Malichi

Kuboola, kumanga, kudinda. Alamu akuphika kwaokha.

Lolemba, 31 Malichi

Fomu yokonzedwa yafika. Anabweretsa okha adokotala, n'kuiika m'manja mwanga, osati mwa alembi. "Werengani, asisi, kuopa kuti mungandiphe kachinayi." Sanamwetulire, koma anaima pomwepo mpaka nditamaliza.

14 ndi 14. Ndime ija ndinaiwerenga kawiri m'chilankhulo chathu. Mizere iwiri yokha. Amayi anga akanaimva ngakhale atagona. Ndadinda bwinobwino, inki osataika.

Alamu sakundilankhulabe. Komiti Lachisanu.

Masana alembi anabwera ndi mulu wofika pachibwano, n'kuutula patebulo panga. "Kuyambira lero onse azidutsa kwa iwe, ndi akale omwe." Mafayilo 22. Ena anavomerezedwa chaka chatha, anthu anadinda kale zala.

Ndasongola pensulo. Ndatsegula yoyamba.

Ya Chingerezi 11. Yathu 10.