Anyezi wasiya kundiliza

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimapha usipa kuno ku Makanjira. Vuto langa ndi anyezi, koma ndiyambe ndi mnzanga Shafi kuti mumve bwino.

Ine ndi Shafi tinakulira limodzi, boti lathunso linali limodzi. Anali munthu wanthabwala, woti ngakhale tibwere chimanjamanja, pagombe ponse pankamveka phwete. Chaka chatha, nyengo ya mwera, anadzipha. Sanauze aliyense chimene chinkamudya, ngakhale ine amene tinkadyera m'mbale imodzi.

Pa maliro misozi inayamba kulengeza m'maso. Amalume ake atandiona anandigwira phewa n'kunena kuti, "Iwe, limba. Ukayamba iwe, azimayiwa atonthozedwa ndi ndani?" Ndinameza misoziyo.

Ndiye linafika tsiku la sadaka yake. Amuna tinapha mbuzi, ntchito yathu n'kuthera pomwepo. Podutsa kuseri kumene kunkaphikidwa mpunga, ndinaona mayi Awa, oyandikana nawo nyumba, akudula anyezi, misozi ili chuchuchu, popanda wowafunsa chimene akulira. Ndinati, "Mayi, bweretsani mpeniwo, maso anuwo apume." Aphungu, ndinalira tsiku limenelo! Ndinamaliza beseni lonse ndikulirira Shafi, azimayi akundiyamikira kuti sanaonepo mwamuna wachifundo chotere.

Kuyambira pamenepo sindiphonya. Kaya ndi ukwati, kaya ndi sadaka, ndikangomva kuti kwinakwake aphika mpunga, ndimanyamula mpeni wa mayi Awa uja, poti sindinabweze, ulendo. Ndafikapo mpaka ku Katuli pa lole, ku ukwati wa anthu osawadziwa. Pagombe anzanga anasiya dzina langa, akumanditchula Che Anyezi. Kunyumba ntchitoyi ndinalanda, moti ana akudandaula kuti usipa akuchita kuusaka m'mbale.

Tsono mavuto abuka awiri. Loyamba, mkazi wanga Naima akuti ndikufuna mayi Awa, poti ndi amasiye ndipo pophika paliponse sasowapo. Tsiku lina ananunkhiza malaya anga n'kunena kuti, "Amuna anzanu amabwera akununkhira perefyumu. Bola wa perefyumuyo, amangodutsa. Wa anyeziyu ndiye akufuna banja." Wanenetsa kuti ndikadzapitanso aitana ankhoswe.

Lachiwiri, maso anga azolowera. Sabata yatha pa ukwati ndinadula theka la thumba, osatuluka ngakhale dontho. Chisoni chija chinangokhala pachifuwa ngati mwala wa nangula. Ndinayesa kudzipaka tsabola wa kambuzi mwakabisira. Kulira ndinalira, inde, koma ndinkalirira tsabolayo, Shafi sindinamukumbuke n'komwe.

Ndithandizeni. Kodi ulipo mtundu wa anyezi waukali kuposa wofiirayu? Ena akuti wa ku Lizulu. Nanga Naima ndimuuze chiyani choti akhulupirire, koma osadziwa kuti mwamuna wake amalira? Masiku ano tulo sindikupeza, chakudya sichikukoma, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti mwina Shafi ndi amene anachenjera, anapuma. Koma imeneyo si nkhani, nkhani ndi anyezi.

W.S., Makanjira

Che W.S.,

Imeneyo si nkhani? Bambo inu, mukanakhala pafupi ndikanakugendani ndi anyezi wanu yemweyo. Mwandikweza lole mpaka ku Katuli, kenako nkhani yeniyeni mwaiponya kumapeto ngati matumbo a nsomba. Ine uphungu sindinauphunzire m'kalasi, ndinauphunzirira pa maliro a anthu, choncho sinditha kuzungulira. Shafi sanachenjere. Anadwala ali chete, ndipo matendawo anamunamiza kuti njira zonse zatsekeka. Mwala uli pachifuwa panuwo wayamba kukuuzani bodza lomwelo.

Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka zedi ndi amuna. Musaganize kuti azimayi alibe mavuto, ena asenza oposa anuwo. Koma mayi zikamuthina amakauza mnzake pa mjigo, pa maliro amalira mpaka mawu kusasa, thupi likavuta amapita kuchipatala. Nanga mwamuna? Nyumba ipse, boti limire, ukamufunsa kuti zikuyenda bwanji amati, "Bhobho." Tinamuphunzitsa ndife tomwe, kuyambira ali wosavala, kuti mwamuna salira, iye ndi mzati wa nyumba. Tinaiwala kuti mzati ukamadyedwa ndi chiswe suuza munthu, umangogwa tsiku limodzi. Ena amathawira ku kachasu, ena ku nthabwala ngati Shafi, inu mwathawira ku anyezi. Inuyo bola mwathandizako pa maukwati, komabe kuthawa n'kumodzi.

Tsono mverani. Lero lomwe, mpeni uli poteropo, khalani pansi ndi akazi anu. Auzeni mawu onse amene mwandilembera ine, makamaka a kumapeto aja amene mukuti si nkhani. Mukuopa kuti akuonani wofooka? Mayi amene akusowa tulo poganiza kuti mukumubweretsera mkazi mnzake, mukamuuza kuti ndi chisoni cha Shafi, ayamba wapuma kaye, kenako alira nanu. Ankhoswe akuwafunawo abwere ndithu. Nawonso ndi amuna, amveko.

Mukatero mupite nawo akazi anuwo kuchipatala. Munthu amene anakwera lole kukadula anyezi wa anthu osawadziwa asandiuze kuti msewu ndi woipa. Ndipo mukafika musakachite zachimuna zija, zonena kuti "mutu ukundiwawa pang'ono" n'kubwerako ndi panado. Mukanene mosabisa kuti simukugona, simukudya, mnzanu anadzipha, ndipo maganizo amenewo akumakufikirani. Matenda amenewa ali ndi chithandizo monga malungo. Ngati pafupipo palibe wodziwa za maganizo, pemphani akutumizeni ku Mangochi. A shehe anu auzeninso. Dua, pemphero lanu lija, ndi chipatala sizinayambanepo.

Pagombeponso musangoti chete. Anzanu a m'boti aja anameza misozi tsiku lomwe munameza inu. Pokonza khoka, mutchuleni Shafi, munene kuti mukumusowa, muone amene ayang'ane kumbali. Mwa amene akukutchulani Che Anyeziwo, alipo wina amene akungosowa beseni lake.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Maganizowo akakula, musakhale nokha ngakhale pang'ono. Uzani akazi anu, kapena aliyense amene ali pafupi, akuperekezeni kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo chilichonse choopsa m'nyumbamo asunge ndi iwo. Tsabola m'maso musiyiretu. Mudzachita khungu, n'kumalira osaona amene akukutonthozani.

Za anyezi wa ku Lizulu ndiye sindikuthandizani. Mpeni wa mayi Awa mukabweze masana, mudutse nawo pakhomo akazi anu akuona. Shafi anali mnzanu, sanali ndiwo. Mulireni pakhonde panu, manja ali opanda kanthu, Naima ali pambali. Ndiwo za madzulo ano aphike ndi iwo, ana aonenso usipa.

Aphungu