Kamuvi Kolowa Popanda Odi

Chiwanga, Metangula
Junyu

Wokondedwa mwana wanga Júlia,

Uli bwanji kumeneko ku Nampula, iwe ndi amuna ako a Octávio? Miyendo ija yasiya kutupa? Kuno Mulungu akutisunga. Amayi ako bondo likuwavutabe mwera ukawomba, ndipo chaka chino wawomba ndithu, ngalawa zangokhala pamchenga. Kalatayi ndapatsira Samisoni wa shapa, minibasi ija ya ku Lichinga, iye akapatsira mnzake wopita kumeneko. Sindinafune kunena izi pa foni chifukwa pa foni ndimachedwa, ndipo iwe umakhala uli pa ntchito.

Nkhani ndi ya kompyuta ya ku baraka, kasitolo kathu ka fotokopiya kumsika. Usaope, sinafe. Ikuyenda bwino kuposa kale, ndipo limenelo ndilo vuto langa.

Ukukumbuka mmene tinkachitira utangotigulira? Ikavuta unkaimba foni, ine n'kukuwerengera manambala a pa sikirini, iwe n'kulowamo uli komweko. Kamuvi ka pa sikirini kankayamba kuyenda kokha, anthu odikira mapepala awo n'kumasuzumira. Koma ukafuna kuikamo chinthu chatsopano, sikirini inkachita mdima, pakati n'kutuluka bokosi lofunsa ngati mwini kompyuta walola. Kumbali yako kunkada bii, kamuvi n'kuima. Unkati, ababa, sindikuona kanthu, maso anga ndinu.

Unandiphunzitsa wekha kuti ndisamadine Sim, batani lovomera lija, ndisanawerenge dzina la chinthu chopemphacho. Ndinkakuwerengera chilembo chimodzichimodzi, kenako n'kulemba senya, mawu achinsinsi aja, ndi chala chimodzi. Podikira kuti zinthu zilowe tinkacheza. Ndi mmene ndinadziwira mtengo wa makala ku Nampula, ndi dzina la mphaka wako.

Ndiye kunabwera Janeiro, nthawi yolembetsa ana sukulu. Makolo anadzaza mpaka pamsewu, makina osindikiza n'kukana, iwe n'kulowamo tili pa foni. Bokosi litatuluka ndinayamba kuwerenga monga mwa masiku onse, koma ndisanamalize linadzitseka lokha. Kachiwiri ndinalakwitsa senya. Pamenepo ndi pomwe amalume ako a Américo anatsamiritsa njinga yawo pakhomo. Anandilanda foni m'manja, amvekere alamu, bokosili si Baibulo loti muwerenge ndime yonse. Anthu anaseka. Iwenso unaseka, Júlia, ndinakumva. Unawauza senya, iwo n'kulemba chiimire, chipewa chili kumutu.

Kuyambira tsiku limenelo foni inkayamba kulira kwa iwo. Ankalowa mumsika atakweza mawu a foniyo kuti ogulitsa usipa onse amve kuti mwana wa mbumba yawo akuwafuna. Pampando wanga ankakhalapo iwo, ine n'kuimirira pambali ngati ndabwera kudzajambulitsa chitupa. Dzina la chopemphacho sankawerenga n'komwe, ndinkawaona. Ndipo zoti ndiwe woyembekezera anayamba kumva ndi iwo, podikira makina. Ine ndinamva kwa amayi ako, amayi ako atamva kwa mchimwene wawo.

Mwambo ndimaudziwa. Ndinalowa pamudzi pano ngati mkamwini titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo ndidzafa ndili mkamwini. Pa ukwati wako anayankhula ndi iwo, ine ndinakhala kumbuyo, sindinadandaule. Koma bokosi lija makolo sanalisiye m'manja mwa amalume. Linali langa.

N'chifukwa chake ndinakuuza pa foni paja kuti usankhe, iwo kapena ine. Unati chabwino ababa, mawa mukhale pafupi. M'mawa mwake ndinapukuta sikirini, ndinavala magalasi, ndinawerenga dzina lonse, senya n'kulemba osalakwitsa. A Américo panalibe. Ndinapalasa njinga kubwerera kuno ndikuimba nyimbo, n'kuuza amayi ako kuti mwana wakumbukira bambo wake. Iwo anangondiyang'ana n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Dzina ndinaliwerenga bwinobwino, koma ntchito yake sindinafunse. Unaikamo chinthu choti uzilowa wekha popanda odi, ndipo bokosi likatuluka uziliona uli komweko. Ndinaloleza ndine, ndi chala changa chomwechi.

Tsopano masiku ena ndimangoona kamuvi kayamba kuyenda. Mdima wabwera, bokosi latuluka, kamuvi kapita pa Sim, basi. Foni ili phee m'thumba. Poyamba ndinkaganiza kuti ukuimbira a Américo mobisa, moti ndinasiya kuwapatsa moni. Sabata yatha anabwera okha atakwinya nkhope, kudzandifunsa chimene ndinakuuza kuti uwataye chonchi. Ndinati ofunsa ndine, inu munali kale ndi gawo lanu, munalanda langa bwanji? Tili mkati mokangana kamuvi kanayamba kuyenda. Tonse tinatulutsa mafoni, palibe inalira. Tinaonerera mpaka kanamaliza. Iwo anati alamu, atichotsa ntchito tonse awiri, n'kuseka. Ine sindinaseke. Munthu waimvi ngati ine kuchitira nsanje kamuvi!

Ndinaganiza nzeru. Ndinatsegula tsamba loyera n'kulembapo kuti wadzuka bwanji mwanangu, n'kulisiya poonekera. Dzana utalowa unalisunthira pambali, unakonza zako, ndipo potuluka unalemba pansi pake kuti bwino ababa, ndathamanga. Sindinafufute. Amayi ako akuti ndikhoza kungokuimbira ngati anthu ena onse. Koma ndikaimba ine ndimamva kuti ndakusokoneza, ndimafunsa za moyo, iwe n'kuyankha, mawu n'kutha. Pa bokosi paja sindinali wosokoneza. Unkandidikira.

Pempho langa ndi ili, mwanangu. Chotsa chinthu chija. Ndikanatha kunena kuti ndikuopa akuba olowera pakhomo losatseka, ndipo pang'ono ndikuopadi. Koma zoona n'zakuti ndikufuna kuti kumbali yako kuzidanso, kuti uzifuna munthu wokuuza zomwe zalembedwa. Ngati ndikuchedwa, a Américo azilemba senya, manja awo ndi achangu, ndavomera. Mpando nawonso akhoza kukhalapo. Koma foni izikhala m'manja mwanga, ndipo dzina ndiziwerenga ine.

Ukasintha senya uyambe wauza ine, iwo amve kwa ine. Chimodzimodzi mwana akabadwa.

Amayi ako akupereka moni, akuti usamanyamule zolemera. Amalume ako nawonso akanapereka, koma sakudziwa kuti ndalemba. Undiperekere moni kwa a Octávio ndi apongozi ako onse. Ambuye akusunge, iwe ndi amene wamunyamulayo, akufikitse bwino pa tsiku lako.

Magalasi ndimayenda nawo m'thumba la malaya, pamodzi ndi foni.

Ndine bambo wako,
Filipo